Supuni ya Mayi Victoria

Jamilah anatuluka m'chipinda cha msonkhano ali wokondwa kuti tsiku limenelo walankhulako chanzeru. Mvula inali itangokata kumene, ndipo pakhonde la kiliniki ya pa esiteti panali podzaza ndi amayi othyola tiyi amene anabwera ndi ana kusikelo. Ndi pamenepo, pamaso pa anthu onsewo, pamene Winston, wophunzira udokotala, anasankha kumuphunzitsa.

"Achemwali a za chisamaliro cha anthu," anatero mokweza, akukonza kachipangizo komvera mtima kamene sikankachoka m'khosi mwake, "zoti mankhwala aja ndi amene akumugonetsa mwana uja m'kalasi mwazitenga kuti? Za mankhwala muzitisiyira ife. Inu muzifunsa ngati pakhomo pali chimbudzi."

Amayi ena anaseka, osati mwa chipongwe, koma poti munthu wovala khoti loyera akaseka, odwala amamuthandiza kuseka. Jamilah anamva makutu akuyaka. Anangokonza mpango wake wa kumutu n'kutsika masitepe, akuponda matope osawaona. Teleza, mnzake wophunzira unamwino, anamuthamangira n'kumuuza kuti asazitengere, Winston ndi mmene alili, ngakhale kwa mayi ake mwina amawalankhula ngati akuwalembera mankhwala. Jamilah anati palibe vuto. Koma vuto linalipo, ndipo analisunga bwinobwino ngati mbewu.

Atatuwa anali ophunzira a pa yunivesite imodzi, koma asanabwere ku Thyolo ankangodutsana m'makonde. Winston ankaphunzira udokotala, Teleza unamwino, Jamilah za chisamaliro cha anthu. Aliyense anali ndi kalasi yake, aphunzitsi ake, ndi kanyado kake. Kenako akuluakulu a pa yunivesitepo anaona kuti ana awo akamaliza sukulu amakakumana pa wodwala mmodzi asakudziwa kulankhulana, choncho anayamba kuwasakaniza m'timagulu n'kuwatumiza kumidzi kuti akaphunzirire limodzi. Gulu ili linagwera pa kiliniki ya pakati pa minda ya tiyi, kufupi ndi Khonjeni, m'manja mwa Mayi Victoria.

Mayi Victoria ndiwo anali dokotala woyang'anira kilinikiyo. Anali mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo anali ndi lamulo limodzi limene ophunzira ankaliseka kumbali. Pa msonkhano wokambirana za wodwala, ankatulutsa kasupuni ka tiyi m'thumba la khoti lawo. Wogwira supuni ndiye ankalankhula, ena onse pakamwa potseka. Ndipo asanatseke nkhani ya wodwala aliyense, supuniyo inkazungulira kotsiriza, aliyense n'kufunsidwa funso limodzimodzi: kodi pali chimene ukudziwa chimene anzakowa sakudziwa? Winston ankati zimenezo n'za ku mkaka phala. Koma supuni ikakhala m'manja mwake ankachedwa nayo kuposa wina aliyense.

Sabata yotsatira gululi linapatsidwa wodwala woti lizimuyendera kunyumba. Anali bambo Salehe, wa kabaza ya njinga yamoto, amene ankanyamula anthu pakati pa Khonjeni ndi m'maesiteti. Ankadwala matenda a shuga, ndipo ankamwa mapiritsi m'mawa uliwonse. Aliyense m'deralo ankawadziwa chifukwa cha chipewa chawo chachikasu ndi hutala ya njinga yawo imene inkalira ngati mbuzi ya chimfine. Ndi njinga imeneyo imene inkadyetsa pakhomo pawo.

Anawapeza m'mawa atakhala pakhonde akupukuta njingayo. Akazi awo, mayi Mwajabu, anayala mkeka n'kutulutsa mpando umodzi umene unalipo. Mpandowo, monga mwaganizira kale, anakhalapo Winston. Teleza anawabaya kachala n'kuyeza magazi, ndipo shuga anapezeka kuti ndi wokwera kwambiri. Winston anagwedeza mutu ngati waona ngozi ya pamsewu, n'kuyamba mafunso ake. Mapiritsi mukumwa? Eya, adokotala. Tsiku lililonse? Eya, adokotala. Ndiye poti unali mwezi wa Ramazani, anafunsanso ngati akusala kudya, ndipo asanayankhe anawonjezera yekha kuti akukhulupirira kuti munthu wanzeru ngati iwo sangachite zimenezo ali ndi matenda otere.

"Ayi, adokotala," anatero bambo Salehe akuyang'ana tayala la njinga. "Ndikudya bwinobwino."

Funso lofunsidwa chotero limabwera ndi yankho lake m'thumba. Koma Winston anakhutira.

Jamilah anali atakhala pamkeka ndi mayi Mwajabu. Iyenso anali akusala, ndipo maso ake anaona zimene Msilamu mnzawo sakanalephera kuona. Milomo ya bambowo inali youma. Pakhonde panalibe kapu, panalibe khoko la nthochi. Mayi Mwajabu atabweretsa tiyi wa alendo, anapatsa Winston ndi Teleza okha, ndipo amuna awo sanawafunse n'komwe. Atamva kuti Jamilah kwawo ndi ku Mangochi ndipo akusalira kuno kutali ndi makolo, mayiwo anamugwira dzanja n'kunena kuti mwana wa munthu sangamamasule yekhayekha ngati alibe abale, azibwera kudzadya nawo madzulo. Kuyambira pamenepo anayamba kumutchula kuti mwanangu.

Potsanzika, Winston ndi Teleza anatsogola. Bambo Salehe anaperekeza Jamilah mpaka pa mtengo wa mapeyala umene unali kumapeto kwa bwalo, ndipo pamenepo anatsitsa mawu. Anamuuza kuti akudziwa kuti iye waona. Anati chiyambire unyamata wawo sanaphonyepo Ramazani, ndipo anzawo a pa siteji onse akusala; iwo okha angamakatafune chinangwa masana ngati mwana? Mapiritsi ankamwa m'bandakucha pa daku, chakudya cha asanayambe kusala, ndipo pa dakupo ankadya mokwanira kuti awafikitse madzulo.

"Usawauze adokotala aja, mwanangu," anatero. "Andikalipira. Iwe ndiwe wathu, ukumvetsa."

Jamilah anati wamva. Sanalonjeze, komanso sanakane.

Pamsewu wobwerera, wodutsa pakati pa tiyi wobiriwira mpaka kuphiri, mutu wake unali pa ntchito. M'kalasi imene anaphunzira pamodzi asananyamuke, mphunzitsi anali atanena momveka kuti mapiritsi ena a shuga amafuna chakudya m'mimba, apo ayi amatsitsa shuga mopitirira mpaka munthu kukomoka. Anaphunziranso, m'kalasi yake yomwe, kuti chinsinsi cha munthu chimasungidwa, koma chikakhala choti chingamuphe, umamuuza mwiniwakeyo poyera kuti ichi sindingachisunge ndekha, tiyeni tikauze amene angathandize. Zonsezi ankazidziwa. Anaganiza zomuuza Winston pomwepo pamsewu. Koma atayang'ana kutsogolo anamuona akuyenda manja m'thumba, akufotokozera Teleza za shuga ngati kuti Teleza sanayeze yekha magaziwo, ndipo mtima wake unauma.

Masana a tsiku lomwelo anakhala pa msonkhano. Winston anatenga supuni n'kufotokoza bwino kwambiri, pakuti kunena zoona mnyamatayo mutu unkagwira. Anati shuga wa bambo Salehe ndi wokwera, mapiritsi akumwa mokhulupirika, choncho mlingo wake ukuchepa ndipo ndi bwino kuwonjezera. Mayi Victoria anafunsa ngati bambowo sakusala, poti ndi mwezi wake. Winston anati anawafunsa yekha ndi pakamwa pake, ndipo anakana. Teleza atalandira supuni anati kuthamanga kwa magazi kuli bwino, mapazi alibe zilonda, basi.

Kenako supuni inafika kwa Jamilah.

Inali yofunda chifukwa cha manja a anzake. Mayi Victoria anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira enawo, n'kufunsa funso lawo lija. Jamilah anaona Winston akuyang'ana wotchi, kamwa itapindikira kumbali ngati munthu amene akudikira kumva za chimbudzi. Mumtima mwake anati: si paja za mankhwala tikusiyireni inu? Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Anadziuza kuti akusunga chinsinsi cha wodwala, ndipo mawu amenewo ankamveka aulemu. Koma pansi pa mawuwo panali china chimene sankafuna kuchiyang'ana: ankafuna kuti tsiku lina zidzadziwike kuti dokotala wamkulu uja ananamizidwa pakhonde ngati mwana, ndipo iye adzakhale pomwepo akuonerera.

"Palibe, madamu," anatero, n'kubweza supuni.

Mayi Victoria anavomereza kuti mlingo uwonjezedwe, ndipo tsiku lotsatira Teleza anakapereka mapiritsiwo.

Masiku otsatirawo Jamilah sanapite kukamasula kwa mayi Mwajabu. Ankamasula yekha m'kachipinda kake ndi tiyi ndi mbatata, ndipo chakudya sichinkatsika bwino. M'mawa uliwonse akamva hutala ya mbuzi ya chimfine ija ikudutsa pamsewu, ankapuma n'kunena kuti mwaona, ali bwinobwino. Tsiku lina bambo Salehe anaima pageti n'kumusiyira mapeyala m'kajumbo, ati amayi ako a Mwajabu atumiza, akudandaula kuti sukubwera. Jamilah anaona kuti manja awo akunjenjemera pang'ono pa chiwongolero. Anawafunsa ngati ali bwino. Anati n'kutopa chabe, dzuwa la masiku ano. Iye anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma pomwepo panabwera munthu wofuna kupita ku Khonjeni, ndipo njinga inanyamuka. Anadziuza kuti mawa adzanena.

Mawa lakelo, dzuwa litapendeka, thirakitala yonyamula tiyi inalowa pageti la kiliniki ikuthamanga mosayenera thirakitala. M'ngolo mwake, pamwamba pa matumba a masamba a tiyi, munali amayi awiri othyola tiyi atagwirizira munthu. Jamilah anali pakhonde. Chimene anayamba kuona chinali chipewa chachikasu chimene mayi wina anachinyamula m'manja.

Amayiwo ankalankhula onse nthawi imodzi, Chichewa ndi Chilomwe zitasakanikirana. Anati anaona njinga ikubwera ikuyenda mokhotakhota ngati woyendetsa waledzera, pamene aliyense akudziwa kuti a Salehe mowa saudziwa. Kenako inasiya msewu n'kukagwera m'ngalande ya m'mphepete mwa munda. Anati mwayi wake anali atangotsitsa kumene mayi wina wa mwana kumsana pa mphambano. Atamva zimenezo Jamilah anagwira chipilala cha khonde.

Bambo Salehe anali thukuta lokhalokha, maso atatembenuzika, sakuyankha. Mwendo wakumanja unali utapindika pamalo pamene mwendo supindika. Teleza anawabaya kachala, n'kuyang'ana kachipangizo koyezera shuga, n'kuyang'ananso kachiwiri. Shuga anali atatsikiratu. Mayi Victoria sanataye nthawi ndi mafunso. Anawabaya mankhwala okweza shuga mumtsempha, Winston atagwira mkono, nkhope yake itachita kutuwa. Patapita kanthawi bambowo anaphethira, n'kubuula, ndipo mawu oyamba amene anatuluka anali ofunsa ngati dzuwa lalowa, kuti amasule.

Winston anayang'ana Mayi Victoria. Mayi Victoria sanayang'ane Winston. Anayang'ana Jamilah, amene anali ataima pakhomo, kenako anabwerera ku ntchito yawo yomanga mwendo.

Ambulansi inawatengera ku chipatala cha pa boma. Mayi Mwajabu anafika akuthamanga, nsalu ili m'manja, galimoto itatsala pang'ono kunyamuka. Ataona Jamilah anamukumbatira akulira, n'kumuthokoza kuti Mulungu ndiye anamuika pamenepa, mwana wawo, kuti bambo ake asafere m'manja mwa alendo. Jamilah akanakonda mayiwo akanamumenya mbama. Anaima chilili, manja ali lende, manyazi akumukwera kuchokera kumapazi.

M'mawa mwake Mayi Victoria anaitanitsa msonkhano. Sanakalipe. Anayamba ndi kugwira supuni iwo eni, chinthu chimene sankachitachita, n'kunena kuti dzina limene linavomereza mlingo uja ndi lawo, ndipo iwo anayenera kukayikira kuti shuga woyezedwa m'mawa mwezi wa Ramazani angakhale wokwera chifukwa cha daku. Anati cholakwa chimenecho achinyamula okha. Kenako anapereka supuni kwa Winston.

Winston anali asanagone, zinkachita kuonekera. Kachipangizo kake komvera mtima sanakavale. Analankhula motsitsa kuti iye ndi amene anabweretsa ganizo lowonjezera mapiritsi, iye ndi amene anafunsa funso molakwika, ndipo ngati pali wolembedwa ku yunivesite akhale iyeyo. Anati mwina udokotala si wake. Kenako anakankhira supuni kwa Teleza, amene anangopukusa mutu n'kuipereka kwa Jamilah.

Ili ndilo tsiku limene Jamilah ankalifuna lija. Winston anali atazyolika, wafota ngati nyanga ya nsatsi ija. Koma Jamilah sanamve kukoma kulikonse. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa imene iye anaisiya kuti igwe inali itagwera pamutu pa munthu wina, amene panthawiyo anali chigonere pa boma ndi mwendo wothyoka. Akanatha kunenanso kuti palibe. Palibe amene akanamutsutsa, kupatula mwina maso a Mayi Victoria.

"Ine ndinkadziwa," anatero.

Supuni anaigwira ndi manja awiri. Anafotokoza za pa mtengo wa mapeyala, za daku, za manja onjenjemera pageti. Mayi Victoria anafunsa ngati anakhala chete chifukwa chosunga chinsinsi cha wodwala. Khomo limenelo linali lotsegula, ndipo akanatulukirapo ndi ulemu wake.

"Ndinkadziuza choncho, madamu. Koma si zoona. Ndinakwiya ndi zimene Winston anandinena pakhonde. Ndinkafuna achite manyazi."

Atanena zimenezo analira, osati mokweza, koma misozi yosaletseka. Teleza anayang'ana pansi. Winston anatambasula dzanja kupempha supuni, iye amene ankati n'za ku mkaka phala.

"Ndinati za mankhwala muzitisiyira ife," anatero. "Munatisiyiradi."

Mayi Victoria anati zimene zachitikazo azifotokoza ku yunivesite monga zinachitikira, dzina lawo likhala poyamba. Koma anati yunivesite si imene yathyoka mwendo. Eni nkhaniyi ali pa boma, ndipo akuyenera kumva kuchokera pakamwa pa gululi, osati kwa anthu a pa siteji.

Anakwera minibasi onse anayi. Anapeza bambo Salehe ali gone, mwendo uli m'chikhakha, mayi Mwajabu atakhala pansi pafupi ndi bedi. Mayi Victoria ndiwo anayamba, kenako Winston, amene anapepesa chifukwa chofunsa ngati wapolisi. Bambo Salehe anati ayi adokotala, wonama ndine. Kenako inafika nthawi ya Jamilah. Panalibe supuni yoti agwire, choncho anagwira chitsulo cha bedi. Ananena zonse, osasiyako ngakhale za pakhonde zija.

Bambo Salehe anamvetsera atatseka maso. Jamilah atamaliza, bambowo anati iwo ndi amene anamuuza kuti asanene, ndiye asadziimbe mlandu yekha. Anali munthu wofatsa, ndipo ankafuna nkhaniyo ithe msanga. Koma mayi Mwajabu anali asanalankhule. Anadzuka pansi paja pang'onopang'ono, n'kumanga bwino nsalu yawo.

"Ine ndinkadziwa kuti akusala, ndine ndinkawaphikira daku," anatero. "Koma zoti mapiritsi aja ndi kusala siziyenderana sindinkadziwa. Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Ndiye pamene ankakuuza kuti usanene, bwanji sunawakanire? Mwana wanga wobereka ndekha akanawakanira bambo akewa pamaso. Akanati kalipani, koma ndikanena."

Mayi Mwajabu sanadikire yankho la Jamilah. Anatembenukira kwa Mayi Victoria n'kufunsa kuti tsopano atani, poti mwamuna wawo amamudziwa, akangodzuka apa ayambiranso kusala.

Ndi pamenepo pamene gululi linayamba ntchito imene linatumidwa kudzachita ku Thyolo. Anakhala mozungulira bedi, wodwala ndi mkazi wake ali pakati pa nkhani. Winston anafotokoza, mwa Chichewa chomveka ndiponso mosakweza mawu, chimene mapiritsi amachita m'mimba yopanda kanthu. Teleza anaphunzitsa mayi Mwajabu zizindikiro za shuga akatsika, thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosokonekera, ndi choyenera kuchita pomwepo. Jamilah anafunsa bambo Salehe ngati angalole kuti apite kukalankhula ndi shehe wa mzikiti wawo, kuti abwere adzawafotokozere okha zimene chipembedzo chimanena za munthu wodwala pa Ramazani, pakuti mawu amenewo akachokera kwa dokotala sangawamve. Bambowo anaganiza kaye, kenako anati apite. Winston anafunsa Jamilah ngati angapite naye limodzi, kuti naye akamve. Linali funso lenileni, lopanda yankho m'thumba.

Shehe anabweradi, ndipo bambo Salehe anamaliza mwezi wa Ramazani akudya ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake, akung'ung'udza koma akumvera. Mwendo wokha ndiwo sunkamva za shehe kapena za dokotala. Kuchipatala anawauza kuti papita miyezi asanakwerenso njinga, ndipo nyengo yothyola tiyi wambiri, imene anthu a kabaza amapezamo makasitomala, idzatha iwo ali pampando.

Tsiku la Idi, chikondwerero chotsekera Ramazani, Jamilah anapita kukawaona kunyumba. Anavala bwino, n'kunyamula mandasi amene anakazinga yekha. Panjira ankadutsana ndi amuna ovala mikanjo yoyera akuchokera kopemphera, akuseka. Bambo Salehe anawapeza pakhonde, atavala mkanjo wawo nawonso, mwendo atauika pa mpando uja umodzi. Kopemphera sanapite. Njinga inali pakona, chiwongolero chitapindika, ataifunditsa chiguduli kuti isanyowe.

Anamulandira bwino. Mayi Mwajabu anayala mkeka, analandira mandasi ndi manja awiri, n'kumupatsa mpunga ndi nyama monga mlendo aliyense wa tsiku la Idi. Panalibe mawu oipa ngakhale amodzi. Anamufunsa za sukulu, za makolo ku Mangochi. Pomaliza anamuperekeza mpaka pa mtengo wa mapeyala uja.

"Muyende bwino, achemwali," anatero mayi Mwajabu. "Zikomo potiyendera."

Jamilah anadikira pang'ono, ngati kuti pali mawu ena amene atsalira. Panalibe. Mwanangu uja anali atapita. Anayenda msewu wa pakati pa tiyi wapansi, ndipo ngakhale njinga za kabaza zinkamuimira, sanakwere.

Sabata yomaliza gululi linapatsidwa wodwala wina, mayi wothyola tiyi amene bala la pamwendo linkakana kupola. Winston anafotokoza, Teleza anafotokoza, ndipo anagwirizana zomuuza mayiyo kuti azibwera kudzatsukitsa bala m'mawa uliwonse. Kenako Mayi Victoria anatulutsa funso lawo, ndipo supuni inazungulira. Inafika kwa Jamilah ngati tsiku lija. Chimene ankadziwa chinali chaching'ono, mwinanso chosafunika, ndipo akanatha kulakwitsa pamaso pa onse.

Sanaibweze. Anati mayiyo m'mawa sangabwere, chifukwa amayamba wakasiya mwana wake wolumala kwa mchemwali wake kutsidya kwa mtsinje, ndipo mtsinjewo amawoloka wapansi, bala lili m'madzi.

Winston anasiya kuyang'ana pepala lake n'kumuyang'ana iye. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, kudikira supuni kuti afunse zambiri. Jamilah anati adikire kaye, sanamalize.

Kunja, pamsewu wa ku Khonjeni, kunadutsa njinga ya kabaza ikuliza hutala. Jamilah anasiya kaye kulankhula n'kutchera khutu, ngakhale ankadziwa kuti si imeneyo. Kenako anagwiritsa supuni ija n'kupitiriza.